Wozimitsa Kanyali

Ankasita malaya a mwamuna wake, ngakhale mwiniwake analibe kopita nawo, pamene amayi ake analowa osaodira. Anakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, anavula nsapato imodzi n'kuyamba kusisita chala chotupa.

"Minibasi ija yatuluka ku garaja," anatero amayiwo. "Aiwongola kumaso konse, aipenta. Sungadziwe n'komwe kuti inagwapo. Sukulu ikatsegulira Lolemba likubwerali iyambanso kunyamula ana."

Mwana wawoyo anaimika simbi pa njerwa.

"Ayendetsa ndani?"

"Achimwene ako apeza munthu. Umafuna adikire mwendo wa amuna akowo? Ana a eniake aziyenda wapansi mpaka fupa lilumikizane?"

"Tsitsani mawu, amayi. Sali mtulo."

"Ee, tulo anathera pa chiwongolero."

"Sanagone pa chiwongolero."

"Unalipo?"

"Anati injini inazima yokha pa mtsetse paja."

"Anati! Wogwetsa galimoto aliyense amakhala ndi 'anati' wake. Nanga foni yakoyo inkati chiyani? Si iwe unkaiyeza minibasiyo m'mawa uliwonse? Achimwene ako auza makolo onse ndi aphunzitsi omwe: galimoto yanga imayezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo woyeza wake ndi mkazi wa dalaivala yemweyo. Anama?"

"Sananame kuti ndinkayeza."

"Basi, ndiye usandiyang'ane ndi maso amenewo. Mlongo uli naye mmodzi yekha padziko pano. Nyumba ino ukukhalamo chifukwa cha ndani? Amuna ako atachotsedwa ntchito ku kampani kuja, anawatola ndani? Kuchipatala ankapita ndani?"

"Anapita kamodzi."

"Kamodzi si kupita?" Amayi anavalanso nsapato akukukuta mano. "Akuti uchaje foni. Minibasi ibwera Lamulungu kudzagona pano ngati kale."

Anaimirira, anasuzumira kuchipinda n'kupereka moni wa pakamwa pokha kwa wodwalayo. Potuluka anapisa m'chikwama, anatulutsa malalanje awiri n'kuwaika pa tebulo osanena kuti ndi a ndani.

Za foni zinayamba miyezi ingapo ngozi isanachitike. Minibasi inali ya achimwene ake, koma inkagona pabwalo la nyumba inoyi chifukwa kumene achimwenewo ankakhala kunalibe mpanda. M'mawa wina injini italira, nyali zonse za pa dashibodi zinazima monga mwa masiku onse, kupatula kanyali kachikasu kooneka ngati injini yojambulidwa ndi mwana. Achimwene anabwera ndi kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anagwada pansi pa chiwongolero, anapapasa mpaka anapeza polowetsa, n'kukasomeka. Foni yawo yatsopano yodula ija inakana kulumikizana nako, choncho anatulutsa yakale, yong'aluka pakona, n'kumupatsa mlongo wawo.

"Ndi yako imeneyi. Ona. Upotokola kiyi koma osaliza injini. Utsegula pulogalamu iyi, udikira ilumikizane. Batani lapamwambali likuuza chimene galimoto ikudandaula. Lapansili likufufuta."

Pa foni panatuluka P0335, ndi mawu achingerezi pansi pake. Chingerezi chake cha kusukulu chinakwanira: kasensa kouza injini mmene ikuzungulirira sikankatumiza bwino uthenga. Atadina batani lapansi, foni inamufunsa ngati watsimikiza, n'kuwonjeza kuti kufufuta nambala sikukonza vuto.

"Achimwene, ikuti sikukonza."

"Mafoni amalankhula zambiri. Dina inde. Kasensako ndigula mwezi ukatha."

Anadina. Injini italiranso, kanyali sikanayake. Mwezi unatha, achimwene anagula makatani a m'mawindo ndi nsalu zatsopano za mipando, poti makolo amaona zimenezo. Kanyali kankabweranso, poyamba patalipatali, kenako pafupifupi m'mawa uliwonse.

Mwamuna wake anakulira pa magalimoto akale, a mawaya ochepa, amene munthu amawamva ndi khutu. Mafoni opalasa ndi chala sankawakhudza, ankati zala zake n'zonenepa. Tsiku loyamba ataona nyali yazima anaimba mluzu wautali. Iye anakhulupirira kuti foniyo imachiritsa.

"Adokotala," ankaitana ali pabwalo, "wodwala wanu wadzukanso ndi malungo."

Mkaziyo ankatuluka akupukuta manja, n'kukhala pa mpando wa dalaivala, mwamuna wake ataima pambali manja ali kumbuyo ngati wachibale wodikira zotsatira. Nyali ikazima ankamugwira paphewa. Anauza madalaivala anzake, anauza wometa tsitsi, anauza ngakhale anthu a kutchalitchi kuti kwake kuli makaniko wosadetsa manja. Chikwatirane anali asanamutamepo chotero pagulu. Mkaziyo sanamuwongolere. Ankati adzamuuza kasensa kakagulidwa, adzaseke limodzi.

Atatha kusita anatenga lalanje limodzi n'kulowa kuchipinda. Mwamuna wake anali chigonere chagada, mwendo wa chikhakha uli pa pilo, maso ali pawindo limene linkangoonetsa khoma la anansi. Sabata yoyamba anthu ankabwera mpaka mipando kuchepa. Mbiri ya kusinza pa chiwongolero itafala, mapazi anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Ana awo anali kutali ku ntchito, ankaimba foni mwachidule. Amene sanasiye anali wometa tsitsi yekha: makasitomala akachepa ankabwera ndi makina ake m'thumba, n'kumumeta ndevu wodwalayo, osafunsa kanthu, n'kusesa yekha pansi asanapite.

"Yatuluka eti?" anafunsa mwamunayo.

"Mwamva?"

"Khoma ili ndi la pepala." Anayesa kuseka. "Akhale munthu wodekha amene apezayo. Kamtsikana ka wagolosale kamachita mseru kakakhala kumbuyo, azikakhazika kutsogolo. Mapasa aja asamawaike mpando umodzi, amang'ambirana mabuku."

"Ndiwauza."

Anayamba kusenda lalanje. Fungo lake linadzaza chipinda, linaphimba la mankhwala.

"Mayi, ndakhala ndikuganiza. Kapena ndinasinzadi."

"Musatero."

"Ndikukumbuka injini ili zii, chiwongolero chitauma ngati mtengo, buleki ngati ndaponda mwala. Ndikukumbuka lole yamchenga kutsogolo, ine n'kusankha ngalande. Koma munthu akagunda mutu amakumbuka zimene mtima wake ukufuna. M'mawa umenewo munaiyeza, si choncho?"

"Ndinaiyeza."

"Nyali inazima?"

"Inazima."

"Ndiye mwaona. Foni sinama, inunso simunama. Watsala ndani?"

Mkaziyo anang'amba lalanje pakati n'kumupatsira m'manja. Mwamunayo anadya pang'ono n'kutembenukira kukhoma.

Kukhitchini mkaziyo anagwada pafupi ndi ndowa ya madzi. Kale ankapemphera motalika, kutchula ana ndi odwala onse mayina. Masiku ano pemphero lake linali litafupika. "Ambuye, mukudziwa," anatero, ndipo anakhala chigwadire kudikira ngati pabwera mawu ena. Sanabwere.

Sopo atatha, panalibe kuchitira mwina koma kupita ku golosale ya pamphambano. Pa ana onse a mu minibasi, mwana wa wagolosale ndiye anavulala kwambiri: mkono unathyoka, mano awiri akutsogolo anatsala m'ngalande. Azimayi awiriwa kale ankabwerekana machesi ndi nkhani. Tsopano wagolosale anaika sopo pa kauntala maso ali kwina.

"Mwana akupeza bwanji?"

"Ali moyo."

Kuseri kwa matumba a shuga kunatuluka kamutu. Kamtsikanako kanakweza mkono wa chikhakha, chodzaza ndi maluwa ojambula ndi bolopeni.

"Ankolo ali bwanji? Chawo chikhakha n'chachikulu kuposa changa?"

"N'chachikulu, mwanawe. Chofika m'ntchafu."

"Mukawauze ndidzawajambulira galimoto."

"Lowa m'nyumba," anatero amayi ake. Mwanayo atalowa, wagolosale anapukuta kauntala pamene panalibe fumbi. "Lolemba akwera. Usiku amadzidzimuka, koma akwera. Sukulu ili kutali, ine sindingatseke pano kawiri patsiku. Achimwene anu anabwera okha kudzandifotokozera, anakhala pa mpando uwo. Galimoto ilibe mlandu, munkaiyeza ndinu. Chokhacho ndicho chikundilimbitsa mtima, kuti munkaiyeza ndinu." Anakweza maso koyamba. "Inu ndilibe nanu chifukwa, mayi. Munakwatiwa ndi munthu watulo, si kulakwa kwanu. Koma musandifunse kuti ndimwetulire."

Pobwerera mvula inayamba kuwaza. Atafika anapeza zovala zimene anayanika zitachotsedwa pachingwe, zitapindidwa bwino n'kuikidwa pakhonde m'beseni losakhala lake. Sanadziwe kuti ndi mnansi uti. Anayang'ana makomo onse otseka, ananena zikomo chapansipansi, n'kulowa.

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi kumene anakhala pa benchi yakumbuyo, anamva hutala pa geti. Minibasi inalowa ikunyezimira, yoyera ngati sinaonepo matope. Achimwene anatsika ndi jumbo la buledi, shuga ndi mkaka. Anaima pakhomo la chipinda osalowa.

"Alamu, mukupeza bwanji? Limbani mtima, zimachitika izi."

"Zikomo, alamu. Mwandichitira chifundo posapita nayo patali nkhaniyi."

"Aa, ife ndi amodzi. Chirani basi."

Panja anamukodola mlongo wawo kuseri kwa minibasi.

"Kayakanso panjira, kanyali kako kaja. Mawa uzimitse dalaivala watsopano asanakwere. Sindikufuna ayambe ndi mafunso."

"Kasensa simunasinthe?"

"Ku garaja kuja ndi owongola zitsulo, si a magetsi."

"Achimwene."

"Ndinaitanitsa, anabweretsa kolakwika. Ndiitanitsanso. Ingoyamba kaye kuyenda, sabata ino isanathe ndikhala nditasintha."

"Munateronso kale."

"Ukudziwa bwanji kuti n'kasensako kanagwetsa galimoto? Wakhala makaniko liti? Miyezi yonse ija inkayenda ndi nyali yomweyo."

"Ndinawerenga pa foni pomwepo. Kakafooka, injini imatha kuzima galimoto ili pa liwiro. Injini ikazima, chiwongolero ndi mabuleki zimauma. Ndi zomwe akunena alamu anu, mawu ake omwewo, chikhalirecho sanawerengepo."

"Imatha kuzima. Sanalembe kuti imazima."

"Muli ana, achimwene."

Achimwene anayang'ana kuwindo la chipinda, n'kutsitsa mawu.

"Chabwino. Tiye tinene kuti wapita kukawauza makolo. Ukawauza kuti chiyani? Kuti mlongo wanga ankati fufuta? Ine m'mawa ndinkakhala kwathu, ndikumwa tiyi. Chala chinali chako. Amuna ako ankatuluka pa geti ili kukatenga ana a anthu, iwe ukuwabayibitsa, ukudziwa zonse. Ukuganiza wagolosale adzatukwana ine? Nanga alamu akamva kuti adokotala awo ankangophimba chilonda ndi nsalu, adzakuyang'ana bwanji? Ndi munthu yekhayo amene watsala nawe m'nyumba muno."

Achimwene anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi dzanja. Mlongo wawo anaona kuti imvi zawachuluka masabata amenewa, ndipo kolala ya shati yawo inali yakuda, ngati ya munthu wogona ndi zovala.

"Sindikukuopseza," anatero mofatsa. "Ndikukutchinjiriza, monga ndakhala ndikuchitira chimwalirire bambo. Minibasi iyi ikaima, amayi mankhwala awo achokera kuti? Inu muno mudya chiyani? Ine ndemwe sindikugona. Ndithandize kamodzi kokhaka."

Anamusisita pamutu ngati kale ali kamtsikana, anamupatsa kiyi n'kutuluka pa geti.

Madzulo onse minibasi inali pabwalo, ikutchinga kuwala kwa pawindo la kukhitchini. Anaphika, anamudyetsa mwamuna wake, anatsuka mbale. Foni anaichaja.

Lolemba kunacha kopanda mitambo. Woyamba kufika anali dalaivala watsopano, bambo wamfupi wadazi, atavala tayi yofupika ndiponso atanyamula kabokosi ka chakudya. Anapereka moni ndi manja awiri.

"Mayi, ndingawaone akuluakulu amene ankayendetsa? Si bwino kukhala pa mpando wa munthu usanamulonjere."

Anamulowetsa kuchipinda. Posakhalitsa anamva mawu a mwamuna wake akukwera, amoyo kuposa masiku onsewa, akufotokoza za mapasa, za giya yachiwiri yofuna kunyengerera, za mwana amene amaiwala chikwama tsiku lililonse.

Mkaziyo anatuluka n'kukhala pa mpando wa dalaivala. Mkati munkanunkha penti. Anawerama, anasomeka kachipangizo pamalo pake; dzanja linkadziwa njira lokha. Anapotokola kiyi, nyali za pa dashibodi zinayaka, kachipangizo kanayamba kuphethira. Pa foni kamkombero kanazungulira, kanazungulira, kenako kanaima. Anadina batani lapamwamba.

P0335.

Chala chinatsika chokha kupita pa batani lapansi, monga chinazolowera. Foni inafunsa funso lake lija, n'kuwonjeza chenjezo lake lija. Analiwerenga lonse, liwu ndi liwu, ngati akuliona koyamba. Kenako anaika foni pa mpando wa pambali n'kupinda manja.

Geti linalira. Achimwene anafika atavala jekete, atameta bwino. Tsiku loyamba ankafuna kukwera nawo kuti akalonjere makolo.

"Watha?"

"Ndawerenga. Ndi yomwe ija."

"Sindinafunse zimenezo."

"Sindidina, achimwene."

"Ukuti chiyani?"

"Iyimitseni lero lokha. Muwauze makolo kuti pali chotsala kukonza. Adandaula, koma akumvetsani."

"Adandaula n'kupeza minibasi ina mawa lomwe. Tsika."

Anatsika. Achimwene anatola foni pa mpando, anadina inde, analiza injini. Nyali zonse zinazima, ndi kachikasu komwe. Anazula kachipangizo n'kukaponya m'thumba la jekete limodzi ndi foni.

"Waona? Sunapulumutse munthu. Wangotaya foni." Anaitana chakunyumba. "Adalaivala! Nthawi, bambo!"

Wadazi uja anatuluka akumwetulira, anapukuta galasi loonera kumbuyo ndi mpango wake, anatseka maso kamphindi milomo ikugwedezeka, n'kulowetsa giya. Minibasi inakhotera kumtunda. Inkayambira kutenga ana a misewu ya kumtundako, n'kumalizira pamphambano pa golosale, isanatsike mtsetse wopita kusukulu.

Pabwalo panatsala mizere ya matayala. Mkaziyo anaima pakati pake, manja ali lende. Ankaganiza kuti kukana kudzakhala kolemera, kuti kudzaimitsa chinachake. Sikunaimitse kanthu. Kumtunda hutala inalira koyamba.

Analowa m'nyumba n'kuima pakhomo la chipinda. Mwamuna wake anali akadamwetulira.

"Munthu wabwino ameneyu, mayi. Ana akhala m'manja abwino."

"Simunasinze."

"Mwati?"

"Simunasinze, bambo. Kufufuta si kukonza. Ine ndinkangozimitsa nyali, vuto lili pomwepo. Foni inkandiuza m'mawa uliwonse kuti sindikukonza kanthu, ine n'kumadina. Injini inazimadi. Zonse mukukumbukazo n'zoona."

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana ngati munthu amene wamuona koyamba m'basi.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndipo lero?"

"Afufuta okha. Kasensa n'komwe kaja."

Mwamunayo anayesa kudzuka, chikhakha chinamukaniza, anagweranso pa pilo. Anapumira m'mwamba, maso ali kudenga.

"Ndikupita pamphambano," anatero mkaziyo. "Zina tikamba ndikabwera, ngati mudzafune kundimva."

Atafika pa chitseko chakunja ndi pamene anamva mawu kumbuyo, ouma, osakwera.

"Muli opanda nsapato."

Pakhonde panali patapata za mwamunayo zokha, zazikulu. Anazivala n'kutuluka.

Msewu unali utadzuka. Wometa tsitsi ankatsegula chitseko cha shopu yake, anakweza dzanja, iye sanaime. Patapata zinkavuka, ankazikoka ndi zala. Hutala inalira kachiwiri, tsopano chapafupi. Ankafuna kupemphera, koma mpweya unkangokwanira kuyenda.

Pamphambano panali anthu angapo: azimayi atatu ndi ana awo, bambo wina wa njinga ndi mapasa ake, ndi wagolosale atanyamula chikwama cha mwana wake. Ana anali mu yunifomu zositidwa, nsapato zopolishidwa. Atamuona akubwera, nkhani zinaduka. Mayi wina anayang'ana patapata zija n'kugwira mnzake pachigongono.

Anaima patsogolo pawo.

"Musawakweze ana."

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa wanjinga.

"Musawakweze. Minibasiyo sinakonzedwe. Aiwongola kunja kokha."

"Iii, nsanje ili ndi miyendo," anatero mayi uja. "Ntchito yapita kwa wina, ndiye pasakwere munthu?"

"Pitani mukasamale odwala anu," anawonjeza mnzake. "Mwadzuka nazo zimenezi?"

"Amuna anga sanagone pa chiwongolero. Injini inazima yokha. Pali kasensa kakufa, galimoto yakhala ikudandaula miyezi yonseyi. Ikayatsa nyali yochenjeza, ine ndinkalowetsa kachipangizo, ndinkawerenga vutolo pa foni, n'kulifufuta kuti nyali izime. Munauzidwa kuti ndinkayeza. Kuyeza kwake kunali kumeneko."

Mmodzi wa mapasa anafunsa bambo ake kuti kasensa n'chiyani.

"Lero m'mawa ndawerenganso, vuto ndi lomwe lija. Lafufutidwanso. Ikafika muona nyali zonse zili zozima, musakhulupirire. Afunseni achimwene anga ngati anasintha kasensa. Akati anasintha, akuonetseni kakale."

Wagolosale anatsitsa chikwama cha mwana pansi, pang'onopang'ono.

"Mukuti munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ayi, mayi, ndimveni bwino. Tsiku limene mwana wanga anathyoka. M'mawa umenewo. Munkadziwa?"

"M'mawa womwewo ndinadina ndine."

"Ine n'kumakupatsani moni. Ine n'kumati, koma mayi uyu ndi wosamala." Wagolosale anamuloza ndi chala. "Ndakhala ndikutemberera munthu wogona ndi mwendo wothyoka, inu mukubwera kudzagula sopo."

Minibasi inatulukira pakona ikuliza hutala, makatani akuuluka, timitu ta ana tikuoneka m'mawindo. Inaima bwinobwino patsogolo pawo. Achimwene anatulutsa mutu pawindo akumwetulira.

"Mwadzuka bwanji, makolo! Tayambanso, tayambanso! Ana akwere!"

Chitseko chinatseguka. Mmodzi wa mapasa anathamangira kukakwera, bambo ake anamugwira kolala n'kumubweza. Wagolosale anakokera mwana wake kumbuyo kwa siketi. Palibe anasuntha. Injini inkangolira yokha.

Ndi pamene achimwene anamuona mlongo wawo. Kumwetulira kunauma.

"Iwe, pita kunyumba."

"Bwana," anatero wanjinga, "kasensa munasintha?"

"Kasensa kanji? Musamvere zimenezo, mlongo wangayu mutu sukuyenda bwino chichitikire ngozi. Adalaivala, aonetseni dashibodi. Pali nyali yoyaka apa?"

Wadazi anayang'ana dashibodi, anayang'ana mayi wa patapata zazikulu, anayang'ana ana pagalasi. Kenako anakoka buleki ya dzanja n'kuzimitsa injini.

"Pita kunyumba, ndati!" Achimwene anali atatsegula chitseko, mwendo umodzi uli pansi. "Ukudziwa chimene wachita? Amayi ukawauza chiyani?"

Iye sanawayang'ane. Anagwada pa msewu pomwepo, timiyala tikumulasa m'mawondo, patsogolo pa wagolosale ndi kamtsikana kosuzumira kuseri kwa siketi. Poyamba mawu anatuluka aang'ono, osamveka. Anawakweza, kuti amve ndi a m'minibasi momwe.

"Mayi, mkono wa mwana wanu sanathyole amuna anga. Ndinali ndi pakamwa, sindinalankhule. Sindikupempha kuti mudzandipatsenso moni. Koma pamaso pa anthu onsewa, inu ndi mwanayu, ndikupempha: mundikhululukire."